Mlandu wa Nsomba, Msodzi ndi Mlendo

Mwezi uno ndifuna kuika pamaso panu mlandu wobvuta kuuweruza, pakuti onse otsutsana m'menemo ali nao mau oona, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene tingamuyese mbala kapena wabodza. Mlanduwo ndi uwu: kodi nkolungama kuti boma liletse munthu wosauka kuponya ukonde m'madzi amene anasodzamo atate wace ndi ambuye ace, cifukwa ca kusunga tinsomba tating'ono tosakhutitsa mimba, timene alendo a ndarama adza kudzationa? Funso ili lifunsidwa m'maiko ambiri, kuli konse kumene gombe lapatulidwa kuti zamoyo zisungikemo ndi kuti anthu adze kudzaziona. Koma ife sitisowa kuoloka nyanja zamcere kukalifuna, popeza liri pa khomo pathu pomwe, ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi.

Malo ace

Wapaulendo amene apatuka pa mseu wa ku Monkey Bay, nalowa m'mapiri a Nankumba, ayenda pakati pa matanthwe ndi milambe, napitirira pafupi ndi Mwala wa Mphini, umene uli ndi mizere yonga mphini za pa nkhope ya agogo athu. Ndipo potsika aturukira pa mudzi waukuru wa Chembe, wotambalala m'mbali mwa mcenga. Patsogolo pace aona zilumba ziwiri, Domwe ndi Thumbi West, ndipo kutari pang'ono kuli Mumbo. Madzi a pamenepo ali oyera, kotero kuti munthu wokhala m'bwato apenya miyala ya pansi ndi nsomba zoyenda pakati pace.

Alendo sanayamba lero kufika pa gombe limeneli. David Livingstone anapitapo m'caka ca 1861, nacha malowo dzina la bwenzi lace Thomas Maclear, woyesa nyenyezi wa ku Cape Town, cinkana eni dziko anali nao kale maina ao. Mu 1875 ngalawa ya moto Ilala inadza ndi E. D. Young ndi Dotolo Robert Laws, namanga pamenepo Livingstonia woyamba. Koma malungo anawapirikitsa, nasamukira ku Bandawe mu 1881, nasiya manda a anzao, amene alendo akawaona kufikira lero. Mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi, zoyenda pakati pa England ndi South Africa, zinkapuma pa madzi omwewo.

Koma cimene cinasintha makhalidwe a gombelo cinadza mu 1980, pamene boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park. Ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linailemba m'buku la malo amene ali cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Paki imeneyi isiyana ndi zinzace, pakuti sinaikidwa cifukwa ca njobvu kapena mikango, koma cifukwa ca nsomba. Malire ace azinga mapiri a Nankumba, ndi zilumba zambiri, kufikira za Maleri ku Salima ndi Boadzulu kumwera, pamodzi ndi madzi ofikira mamita 100 kucokera pa gombe la mtunda wa paki. Ndipo m'madzi amenewo munthu saloledwa kupha nsomba.

Isiyananso m'cinthu cina. Pokuza paki ya Nyika mu 1978 anthu anasamutsidwa m'midzi yao. Koma kuno midzi ya asodzi, monga Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo, inasiyidwa pamalo pace, ndi paki yoizinga kumtunda. Ici cinali cifundo ndithu, koma ndico cinabala mlandu wathuwu. Pakuti wosamutsidwa alirira kutari kumene mlonda samumva, koma wosiyidwa aona coletsedwaco tsiku ndi tsiku pa khomo pace, ndipo iye ndi mlonda ndi mlendo ayenda njira imodzi. Tiyeni tsono tikhale pa bwalo monga acita akuru, timve mau a ali yense tisanadule mlandu.

Mau a nsomba

Woyamba ndiye wosalankhula, ndipo tiyenera kumnenera ife. Nyanja yathu iri ndi mitundu ya nsomba yocuruka koposa nyanja ina iri yonse ya madzi opanda mcere, mitundu mazana mazana, ndipo yambiri ya iyo sipezeka kwina kuli konse. Mwa izo muli mbuna, tinsomba tosapitirira utali wa dzanja la munthu, tina tobiriwira ngati thambo, tina tacikasu, tina ta mizere ngati mbidzi. Mbuna zikhala pa miyala, ndipo zambiri zidya ndere zomera pamenepo, zirikuzipala ndi mano monga mai apala cinangwa.

Kubala kwace nkodabwitsa. Nsomba zambiri za m'nyanja zamcere zitaya mazira zikwi zikwi m'madzi, nizicoka osawasamala. Koma mbuna yaikazi iikira mazira owerengeka, niwatola m'kamwa mwace, niwasunga momwemo monga masabata atatu, yosadya kanthu kweni kweni, kufikira ana ataswa nakhwima. Potero mbuna sizicurukana msanga, ndipo ukonde wogwira mai mmodzi wagwira banja lonse.

Cinthu cacikuru koposa ndi ici: mbuna sizikonda kuoloka mcenga kapena madzi akuya. Zobadwira pa miyala ya Thumbi zifera pa miyala ya Thumbi. Cifukwa ca ici, m'zaka zosawerengeka, zilumba ndi matanthwe zakhala ndi mitundu yaoyao, yosiyana m'maanga ndi m'mapangidwe a kamwa ndi ya cilumba cina cooneka ndi maso. Njobvu zikacepa ku Kasungu, zina zingatengedwe ku Liwonde, monga kunacitika mu 2022. Koma mtundu wa mbuna ukatha pa miyala yace, palibe kumene tikautenge, pakuti watha pa dziko lonse lapansi. Ndipo si ukonde wokha umene uutsiriza. Mitengo ya m'mapiri ikadulidwa, mvula ikokolola dothi nilitsira m'nyanja. Matope aphimba miyala, ndere zifa, ndi madzi abvunduka, kotero kuti yaikazi ibvutika kuzindikira maanga a yaimuna ya mtundu wace. Ndico cifukwa cace paki ya nsomba isunganso mapiri ndi mitengo yace.

Mau a msodzi

Waciwiri ndiye msodzi, ndipo iye atha kudzinenera yekha. Akadaimirira pa bwalo, ndiyesa akadatero:

“Inu akuru, ine sindidana nazo mbuna, ndipo sindizifuna, mnofu wace ngwocepa. Cimene ndifuna ndi utaka, ndipo mudziwa inu kuti utaka usonkhana pafupi ndi miyala. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, bwato langa silikhoza kupita pakati pa nyanja. Pobisala panga mpakuseri kwa cilumba, pomwe paletsedwapo. Ndikaponya cilimira pamenepo, alonda andilanda ukonde umene ndinaugula ndi ngongole. Mkazi wanga akafuna nkhuni m'phiri loyang'ana pa khomo pathu, ayenera kuyamba wapeza cilolezo, natola zouma zokha. Anyani a m'paki atsika nathyola cimanga canga, ine osaloledwa kuwapha. Ndipo pobwerera ine ndi bwato lopanda kanthu, ndiona mlendo alikusambira pomwe ndaletsedwa inepo, atabvala galasi kumaso, alikusewera ndi tinsomba. Kodi iye akalowa ndi mimba yokhuta palibe mlandu, koma ine ndikalowa ndi njala ndasanduka mbala? Mwati malo ano ndi cuma ca dziko lonse lapansi. Cabwino, akuru anga. Nanga bwanji mtengo wa kucisunga ndiulipira ine ndekha?”

Mau awa ngolemera, ndipo sitiwayankha ponena kuti msodzi ndi mbuli yosowa kuphunzitsidwa. Iye adziwa nyanja koposa ife olemba ndi owerenga. Adziwa mphepo zace ndi nyengo zace, ndi pamene nsomba ziswana. Koma kuti tiweruze molungama tiyenera kuonjeza cimene iye sanachula. Ambuye ace anasodza ndi ukonde wa luzi wolukidwa ndi manja, m'mudzi wa nyumba zowerengeka. Lero midziyo yakula ndithu, anthu adza kucokera kutari kutsata nsomba, maukonde ali a nailoni, mabwato ena ayenda ndi injini, ndipo ena akoka ndi ukonde wa udzudzu, umene susiya ngakhale kansomba kongoswa kumene. Mwambo umene sunaononga kanthu pamene ocita anali khumi ungathe kuononga zonse pamene ocita ali cikwi, cinkana ali yense wa cikwico ali wosalakwa mumtima mwace.

Mau a mlendo

Wacitatu ndiye mlendo. Iye anena kuti alipira ndarama pa cipata ca paki, agona m'nyumba za alendo kumene ana a m'mudzi apeza nchito, abwereka mabwato, agula nsomba ndi zosemasema. Ndipo anenanso kuti pakadapanda anthu ofuna kudzaona, boma silikadataya ndarama zace kusunga miyala. Izi nzoona. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo nthawi zina cinthu cimene mwini mudzi anacizolowera kufikira osacionanso, acizindikira pamene aona mlendo atayenda ulendo wa masiku kuti acipenye.

Koma akuru omwewo anatinso mlendo ndi mame. Iye akhala masiku atatu nacoka, ndipo zotsala zace saziona. Kuti akondwe, anyamata a mabwato amwaza nyenyeswa za mkate pa miyala ya Thumbi, mbuna nizisiya cakudya cao cacibadwa nizithamangira dzanja la munthu. Aimba mluzu naponya nsomba m'madzi, kuti nkhwazi itsike mlendo alikujambula. Mabotolo ndi mapepala a pulasitiki atsala pa mcenga. Nyumba za alendo zikacuruka m'mbali mwa madzi, mai wocapa ndi wotunga asowa podzera. Ndipo mwana amene aona kuti kutsata alendo kubweretsa ndarama lero lomwe, ayesa sukulu cinthu cacabe. Ngakhale cikondi ca anthu a kunja pa nsombazi cinabvulazapo kale: paki isanakhazikitsidwe, ogulitsa nsomba zoweta m'magalasi ku maiko a kutari anataya pa Thumbi West mbuna zocokera kumpoto, ndipo zina za izo zinaberekana ndi za pamenepo, kotero kuti palibe munthu angazilekanitsenso. Tiona tsono kuti kukonda cinthu ndi kucisunga si cinthu cimodzi iai.

Za likodzo

Tisanaweruze, pali mboni imodzi imene sinaitanidwa ndi munthu, ndiyo nthenda ya likodzo. Mazira a tizirombo tace aturuka m'mkodzo wa wodwala, naswa m'madzi. Tizirombo tilowa m'nkhono, niticurukana momwemo, nititurukanso ndi kuboola khungu la munthu wosamba. Kale anthu ankayesa kuti madzi oyera a pa gombe lotseguka alibe nthendayi. Koma kuyambira zaka za m'ma 1980 inacuruka ku Cape Maclear, pakati pa ana a m'mudzi ndi pakati pa alendo omwe. Akatswiri amene anasanthula madzi amenewo zaka zambiri, mwa iwo Jay Stauffer wa ku America, anapeza kuti nsomba zodya nkhono zinacepa m'madzi osaya cifukwa ca makoka a maso aang'ono, ndi kuti pamene nsombazo zinacepa nkhono zinacuruka. Ndipo ananena kuti ici ndi cimodzi ca zifukwa za kukula kwa nthendayo.

Taonani tsono umo mlandu wapotokera. Tinayamba monga ngati pali atatu olimbana, ali yense wofuna kulanda mnzace. Koma nsomba imene inacotsedwa m'madzi ndiyo inali kulonda mwana wa msodzi, ndipo nthenda ya mwanayo ndiyo iopsa mlendo, ndipo mlendo akaopa nakhala kwao, mbale wace wa msodzi wogwira nchito m'nyumba ya alendo acotsedwa. Zidze pano nza tonse.

Koma tisadzinyenge ndi kunena kuti potero mlandu watha, ndi kuti cokomera nsomba cikomera anthu onse nthawi zonse. Si tero iai. Pali masiku amene msodzi agona ndi njala yeniyeni cifukwa ca ciletso, ndipo phindu la ciletsoco lidzaoneka zaka za m'tsogolo, kapena lidzagwera anthu ena. Munthu wa njala sadya mau akuti m'tsogolo. Pamenepo ndipo pafunika ciweruzo.

Ciweruzo

Ine ndiyesa kuti pamene zofuna zitatu zolungama ziombana, tiyenera kufunsa funso limodzi: kodi cotayika ca yani cingabwezedwe, ndi ca yani sicingabwezedwe konse?

Mlendo akaletsedwa kudyetsa nsomba, kapena kumanga pa mcenga, kapena kufika pa cilumba cina m'nyengo ya kuswana kwa mbalame, wataya cikondwero ca tsiku limodzi. Cotayika cace ncocepa, ndipo pa mlandu uwu iye ndiye wotsiriza. Msodzi akaletsedwa, wataya cakudya ndi ndarama. Ici ncolemera ndithu, koma ciri ca mtundu wa zinthu zimene anthu akhoza kubwezerana, pakuti ndarama ibwezedwa ndi ndarama, ndi nchito ibwezedwa ndi nchito yina. Koma mtundu wa nsomba ukatha, palibe boma kapena mwini cuma amene angaubweze, pakuti si ife tinaupanga, ndipo sitidziwa kuupanganso. Cifukwa cace ndinena kuti ciletso ca mamita 100 ncolungama, ndipo ciyenera kusungidwa kolimba.

Koma mverani cimene mau omwewa atimanga naco. Ngati tati cotayika ca msodzi cingabwezedwe, ndipo cifukwa ca ico tamuika pambuyo pa nsomba, tadzimanga tokha kuti timbwezere. Ciletso ndi mangawa. Iye amene aletsa mnzace cakudya cifukwa ca ubwino wa anthu onse, napanda kumbwezera kanthu, walanda cabe, angakhale alembe mau okoma otani pa cikwangwani ca pa cipata. Apa ndipo osunga magombe m'maiko ambiri akhumudwa: agwiritsa theka loyamba la ciweruzo, ndilo kuletsa, naiwala theka laciwiri, ndilo kulipira.

Wina adzati, Kodi munthu saposa nsomba? Inde aposa, ndipo kukadakhala kuti moyo wa mwana uli pa mbali imodzi ndi kansomba pa mbali yina, palibe wa ife akadazengereza. Koma mlandu wathu suli wotero. Madzi oletsedwa a paki ali monga masikweya kilomita 7, pa nyanja ya masikweya kilomita oposa 29,000. Nyanja sinatsekedwa, koma kacigawo kace kakang'ono. Komanso kacigawo kamene kali kakang'ono kwa dziko nkakakuru kwa iye amene kali pa khomo pace. Ndipo ici cionetsa bwino amene mangawa ayenera kulipidwa kwa iye, ndiye munthu wa ku Chembe ndi wa ku Msaka, si munthu wa ku Lilongwe iai. Ndiponso pamene tinena kuti munthu aposa nsomba, tifunse kuti munthu uti. Adzukulu a msodzi yemweyo, amene sanabadwe, ali anthu naonso; sakhoza kufika pa bwalo, monganso nsomba sizikhoza. Mfumu yogawa minda sinena kuti dziko ndi langa, ndilidye lithe. Idziwa kuti inalilandira kwa akufa, ndi kuti irikulisungira osabadwa. Wosunga gombe ali pa udindo womwewo.

Nanga mangawa amenewa alipidwa motani? Poyamba, gawo la ndarama zimene alendo alipira liyenera kubwerera ku midzi yosenza ciletso, ndipo libwerere poyera, kuti mkazi wotola nkhuni athe kuloza cala nati, mjigo uwu ndi cipinda ici ca sukulu zinacokera ku nsomba za pa Thumbi. Ndarama yoyenda mumdima siphunzitsa munthu kukonda paki. Kaciwiri, nchito za ulonda, za kuperekeza alendo ndi za m'nyumba zogonamo ziyenera kuyamba kufika kwa ana a asodzi, amene adziwa madziwo kuyambira ubwana wao. Kacitatu, lamulo likhale limodzi kwa onse. Ngati ukonde wa wosauka ulandidwa, koma mwini cuma amanga pamene paletsedwa, kapena atsira zonyansa m'nyanja, osafunsidwa kanthu, lamulolo lafa m'mitima ya anthu, ndipo alonda makumi khumi sadzaliukitsa. Koma coposa zonsezi ndico cacinai, kuti msodzi akhale nao mau pa bwalo pamene malamulo apangidwa.

Phunziro la ku Mbenji

Kuletsa si cinthu cacilendo pakati pathu. Taganizani za nkhalango ya kumanda. Nkhuni zingasowe m'mudzi monse, mapiri angayere mbee, koma mitengo ya kumanda iima cilili, popanda mlonda kapena mfuti. Cifukwa ninji? Cifukwa ciletsoco ndi ca eni mudzi. Palibe anawabweretsera, ndipo wocilakwira acita manyazi pamaso pa abale ace.

Pa nyanja pomwe pali citsanzo cotero. Cilumba ca Mbenji, m'boma la Salima, ciri kunja kwa paki. Kuyambira zaka za m'ma 1950 Mfumu Makanjira ya ku Salima ndi akuru ace atseka usodzi pamenepo caka ndi caka m'nyengo ya mvula, monga kuyambira December kufikira April, nautsegulanso ndi mwambo. Aletsa mowa ndi njuga pa cilumbapo, aletsa maukonde oononga, ndipo wolakwa apirikitsidwa. Asodzi amvera, cinkana ciletsoco ciwawa, pakuti adziwa amene anaciika, adziwa cifukwa cace, ndipo aona ndi maso ao kuti pakutsegula nsomba zimene analeka zigwera m'mabwato ao omwe.

Sindinena kuti paki ingatsanze Mbenji m'zonse. Ku Mbenji asunga utaka kuti audye bwino pambuyo pace. Ku Thumbi asunga mbuna kuti zisadyedwe konse, ndipo ici ncobvuta koposa kucibvomereza. Koma phunziro liripo ndithu. Madzi alibe mpanda, ndipo usiku ngwautari. Mlonda sakhoza kukhala pa mwala uli wonse. Wosunga weniweni wa gombe ndiye munthu amene agona pafupi nalo, ndipo iye adzalisunga pokhapo ataliyesa lace. Mutu umodzi susenza denga. Cotero kulipira mangawa kwa msodzi ndi cilungamo, ndiponso ndiyo njira yokha yakuti nsomba zipulumuke.

Mau kwa ife alendo

Potsiriza ndinene kwa inu owerenga, pakuti ambiri a ife pa mlandu uwu sitiri asodzi kapena alonda, koma alendo. Masiku ano ofika ku Cape Maclear si a maiko a kutari okha. Afikako ana a sukulu ndi aphunzitsi ao, mabanja ocokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe pa masiku a kupuma, ndi magulu a anyamata ndi asungwana. Nkwapafupi kwa ife kuweruza msodzi pamene tirikudya nsomba imene iye anaigwira usiku, osafunsa kumene anaigwira ndi ukonde umene anaigwira nao.

Mlendo wa ulemu pa mudzi safunsa cimene aloledwa kutenga cokha, koma afunsanso cimene eni nyumba adzimana cifukwa ca iye. Mukafika pa gombelo, lipirani ca pa cipata mosanyinyirika, osafuna njira ya kuseri. Musapemphe mnyamata wa bwato kuti amwaze mkate kapena kuponyera nkhwazi, koma mumlipire bwino cifukwa ca nzeru zace, akuuzeni maina a nsomba ndi a mphepo. Zinyalala zanu mubwerere nazo. Mukapeza amai alikucapa pa mcenga, apatseni moni monga eni malo, osawayesa okuchingirani maso. Ndipo mukabvala galasi ndi kuyang'ana pansi pa madzi, muone tinsomba tija tobiriwira ndi tacikasu tirikupala ndere pa miyala yao, kumbukirani kuti pali bwato limene linabwerera lopepuka kuti inu muone zimenezo, ndi kuti mwini bwatolo ali ndi mangawa kwa inu ndi kwa ine amene sitinatsirize kumlipira.